Jekete la Gedion Mbewe

Mphatso ndi Tadala, ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu munazimva mpaka makutu kuwawa, choncho ndiyambira pantchito. Moyo wanga wonse ndakhala ndikusamalira madzi oti ena asambiremo, ku Malawi ndi kuno ku Perth. Tsopano ndinapuma, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna chikhale papepala ndisanatsikire kuli chete: pakati pa ine Lameki Nkhoma ndi Gedion Mbewe, waliwiro posambira chagada ndinali ine. Mayi anu akuti nkhani imeneyi ndi yachibwana kwa munthu waimvi. Chabwino, iwo alembe buku lawo.

Blantyre, zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali pakalabu ina ku Blantyre, kumene azungu ndi mabwana ochepa achikuda ankabwera kudzasewera ndi kumwa. Anandipatsa bulashi, kabudula wa kaki ndi dziwe losambiramo kuti ndizilisamalira. Mwezi womwewo analembanso Gedion Mbewe, mnyamata wa ku Ndirande, wamsinkhu wanga, wooneka bwino ndiponso wakamwa lotsetsereka. Chizungu ankachitha chifukwa bambo ake anali kalaliki, koma madzi ankawaopa ngati mphaka. Ine Chizungu changa chinali cha inde ndi ayi, koma ndinakulira kumtsinje.

M'mphepete monse mwa dziwelo munali kangalande kolowera madzi osefukira, ndipo kunsi kwa mlomo wake kunkamera ndere. Ukaima kumtunda sungazifikire. Njira inali imodzi yokha: kulowa m'madzi, kugona chagada, bulashi kumanja, n'kumapalasa ndi miyendo uku ukukwecha pamwamba pa nkhope yako. Tsiku loyamba Gedion anamwa madzi mpaka mimba kuti ndendende. Ndine ndinaika dzanja kunsi kwa msana wake, ndine ndinamuuza kuti, "Usalimbane nawo madzi, aise. Gona ngati uli pamphasa ya amayi ako." Lembani zimenezi pamtima, ana anga, chifukwa m'nkhani zonse zimene Gedion anadzafotokoza pambuyo pake, dzanja langa lija silinatchulidwemo.

Tikamaliza kukwecha m'mawa, mamembala asanafike, tinkaponya mabulashi kumtunda n'kuyamba kupikisana. Sitinkadziwa kuti kusambira chagada ndi masewera okhala ndi malamulo ake. Kwa ife kunali kungopitiriza ntchito popanda bulashi. Vuto la kusambira kotere n'lakuti kumene ukupita sukuonako. Maso ali kumwamba, khoma likubwerera kumutu. Koma ife tinali ndi chizindikiro chathu. Kumapeto kwa dziwe kunali mtengo wa mapeyala, nthambi yake italendewera pamwamba pa madzi, ndipo mbali inayo kunali mtengo wina waung'onopo. Ukangoona masamba, tambasula dzanja, khoma lafika. Palibe anatiphunzitsa zimenezi, ndipo sitinaganizepo kuti padziko pangakhale dziwe lopanda mtengo.

Woyang'anira kalabuyo anali mzungu amene tinkamutcha Kamvuluvulu, chifukwa akalowa pamalo chilichonse chinkauluka. Tsiku lina analawirira, n'kutipeza tili mkati mwa mpikisano. Ndinatuluka m'madzi ndikudziwa kuti ntchito yatha. Iye anangolowa mu ofesi, n'kutulukamo ndi wotchi yowerengera masekondi, n'kuloza madzi kuti tibwereze. Kuyambira pamenepo ankatiphunzitsa yekha: kuyambira m'madzi utagwira khoma, kutembenuka, kuponya manja mowongoka. Nthawi zonse ndinkayamba kugwira khoma ndine. Ndikanati Gedion ankangoona zidendene zanga, koma wosambira chagada saona ngakhale zimenezo. Ankangomwa thovu la miyendo yanga.

Sabata ya maliro a malume

Kenako kunamveka kuti kunja kuli mpikisano wosambira wa mayiko ambiri, umene unali ukadali watsopano, ndipo akuluakulu a zamasewera ankafuna kutumizako mwana wa dziko lathu mmodzi kukasambira chagada pagulu la amuna. Dzina la mzinda umene kunali mpikisanowo sindilemba, chifukwa mpaka lero likandifika pakamwa limawawa. Kamvuluvulu anatiuza kuti akuluakuluwo abwera Loweruka kudzationerera, ndipo wopambana ndiye apite. Palibe ankakayika kuti apita ndani. Ophika kukhitchini anali atayamba kale kundiitanitsa zoti ndikawagulire kunjako.

Lachinayi masana kunafika msuweni wanga kuchokera ku Ntcheu, fumbi lili mbuu kumapazi. Malume anga, achimwene awo a amayi, anali atatisiya. Inu amene munakulira kuno mungafunse kuti malume ndi ndani kuti munthu awatayire ndege. Kwathu malume ndiwo mwini mbumba. Ndiwo anandilera, ndiwo anandilipirira sukulu yochepa imene ndinaphunzira, ndipo ine ndinali mwana wamkulu wa mlongo wawo. Udindo wawo wonse unkagwera pamutu panga. Ndinapita kwa Kamvuluvulu kukapempha kuti tsiku lija alisunthe pang'ono, ndipo poti Chizungu changa sichinkakwanira nkhani yaikulu chonchi, wondimasulira anali Gedion.

"Bwana akuti pepa," anatero Gedion, "koma akuti malume si bambo ako. Akuti upite Lamlungu."

"Uwauze kuti maliro sadikira Lamlungu. Uwauze kuti ndikapanda kukaima pamanda paja, kwathu ndidzalowako bwanji?"

Gedion analankhula Chizungu kanthawi, Kamvuluvulu akupukusa mutu. "Akuti akuluakulu aja sasintha tsiku chifukwa cha wokwecha dziwe. Akuti usankhe wekha."

Ndinakhala pakhomo pa nyumba ya pampu, msuweni wanga akundidikira kugeti, mtima uli pawiri. Kunena zoona ndinkafuna kutsala. Ndinkafuna ndege ija kuposa chilichonse chimene ndinafunapo. Koma ndikaganiza za amayi akulira pasiwa, anthu akufunsana kuti mwana wamkulu ali kuti, wina n'kuyankha kuti akusambira ndi azungu, ndinkaona kuti kutsala sikungatheke. Ndinavula kabudula wa kaki n'kutsatira msuweni wanga kudepoti. Gedion anandiperekeza mpaka kugeti. "Pita bwino, mnzanga," anatero. "Ndikawauza kuti waliwiro ndi iwe." Maliro tinaika Loweruka lomwelo, ndipo sindikanachoka pamudzi tisanamete. Ndinabwerera ku Blantyre mutu uli mpala, n'kupeza Gedion akuyezedwa jekete kwa telala. Anasambira yekha pamaso pa akuluakulu aja, osapambana munthu aliyense, n'kusankhidwa. Akulu ananena kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wanga anauluka ndikuona.

Atabwerako

Anabwerako patapita milungu ingapo atavala jekete labuluu lokhala ndi chizindikiro cha dziko lathu pachifuwa, ndi chipewa chofanana nalo. Chipewacho sankachivula, ngakhale kukutentha bwanji. Madzulo antchito onse ankamuzungulira kuseri kwa khitchini, iye akufotokoza za dziwe lokhala m'kati mwa nyumba, lalitali kuwirikiza lathu, la madzi ofunda, la anthu odzaza mpaka kudenga. Ine ndinkaima kumbuyo, ndikunamizira kukonza paipi, koma makutu ali komweko. Mawu alionse ankandilasa. Nditamufunsa kuti anakhala wachingati, anaseka. "Aise, kumeneko kuli zimphona za anthu. Koma anandiona." Masiku amenewo nkhani za kutali zinkafika pang'onopang'ono, ndipo palibe anafunsanso zambiri.

Ndinamuuza kuti tilowe m'madzi tione zimene waphunzira kunjako. Anati ali ndi chimfine. Sabata yotsatira anati phewa likumuwawa. Mwezi usanathe anamulemba ntchito pasukulu ina ya ana a anthu olemera kuti aziphunzitsa kusambira, ndipo ndinamva kuti amaphunzitsa ataima kumtunda, wezulo pakamwa, chipewa kumutu. Ndinati munthuyu wakula mtima moti ngakhale madzi akuwaona ngati antchito ake. Ine ndinatsala ndi ndere zanga, ndi mnzanga watsopano woti ndimuphunzitse kugona pamadzi.

Paukwati wanga ndi mayi anu, Esnati, amene panthawiyo anali atangomaliza maphunziro a unamwino, Gedion anabwera atavala jekete lomwe lija. Suti yanga inali yobwereka, yothina m'khwapa. Wojambula zithunzi anathera filimu pa Gedion, ndipo azakhali a mayi anu anafunsa mokweza ngati mkwati ndi wabuluuyo. Mayi anu mpaka lero akakumbukira amaseka mpaka misozi. Ine sindinasekepo.

Lilongwe, zaka za m'ma 1980 ndi 1990

Mayi anu atawasamutsira kuchipatala cha ku Lilongwe, ndinapeza ntchito pahotela ina kumeneko, ndipo ndi kumene inu awiri munabadwira. Bwana wanga tinkamutcha Tionamawa, chifukwa ndilo yankho limene ankapereka ukapempha chilichonse. Panali zaka zimene kolorini, mankhwala oyeretsera madzi, ankasowa m'dziko monse. Pampu ikawonongeka, kachitsulo kake kankadikiridwa miyezi. Ndinkasefa masamba ndi neti ya udzudzu, ndinkakwecha mpaka zala kusupuka, koma madzi osazungulira ndi madzi akufa. Nyengo ina ya mvula dziwe linabiriwira ngati dimba, achule n'kusamukiramo ndi mabanja awo.

Sabata yomweyo pahotelapo panali msonkhano wa akuluakulu a zamasewera. Ndili m'madzi mpaka m'chiuno, ndowa kumanja, ndinamva mawu kumtunda. "ANkhoma! Achulewa mukuwaphunzitsa chagada?" Anali Gedion, atanenepa, jekete lija atalikulitsa kwa telala, chipewa chili pamalo pake. Anzake anaseka. Iye anatsika masitepe n'kundipatsa moni wa manja awiri, kufunsa za Esnati ndi ana, ndipo ndikhulupirira kuti sankafuna kundinyoza. Chimenechi ndiye chinandiwawa koposa. Munthu amene anakudyera mwayi akamakuchitira chifundo, umasowa pomugwira. Tsiku limenelo nditafika kunyumba, iwe Mphatso ndinakukalipira chifukwa cha nsapato imene sunataye n'komwe.

Perth, kuyambira zaka za m'ma 2000

Kuno tinabwera chifukwa cha mayi anu. Anamwino ankafunika, iwo anapeza ntchito, ine n'kubwera ngati katundu wawo. Ndege imene ndinailakalaka ndili mnyamata ndinaikwera imvi zitayamba, dzina langa litalembedwa pansi pa la mkazi wanga. Tinapeza nyumba ku Girrawheen. Poyamba ndinkanyamula katundu m'nyumba zosungiramo zinthu ku Kewdale mpaka msana unakana, kenako ndinkatsuka mbale m'lesitilanti ina ku Northbridge, kumene wophika wamng'ono kuposa Mphatso ankandiitana dzina langa loyamba ngati tinabadwira limodzi. Nditamva kuti padziwe la khonsolo kufupi ndi kwathu akufuna munthu, ndinakachita kosi ya mankhwala a m'madzi, ndinakhoza, ndipo ndinabwerera kuntchito yanga yeniyeni.

Tsiku loyamba kulowa m'nyumba ya dziwelo ndinaima pakhomo osatha kuyenda. Dziwe m'kati mwa nyumba, lalitali, madzi ofunda, oyera moti ndalama itagwera pansi ungawerenge chaka chake. Zonse zimene Gedion ankafotokoza kuseri kwa khitchini zinali zoona, ndipo ndinakwiya nazo kuti zinali zoona. Kolorini anali wodzaza chipinda. Palibe ankati tiona mawa. Bwana wanga anali mayi wina dzina lake Donna, wamawu aakulu koma wamtima wabwino. Anandionetsa ntchito za m'mawa, ndipo imodzi inali kumanga chingwe cha timbendera tamitundumitundu chopingasa pamwamba pa madzi, chapafupi ndi khoma, mbali zonse ziwiri. Ndinamanga bwinobwino, kenako ndinamufunsa kuti kodi lero kuli chikondwerero chanji. Donna anaseka mpaka kugwira chitsulo. Anandifotokozera kuti timbenderato si tokongoletsa ayi, ndi ta osambira chagada. Akationa pamwamba pawo amadziwa kuti khoma layandikira. Ndinati ooh, ndiye mtengo wa mapeyala wa kuno umenewu. Ndinamanga timbendera timeneto m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene ndinapuma, ndipo nthawi yopuma masana ndinkalowa m'madzi n'kusambira ndekha, osapikisana ndi munthu.

Chaka chomaliza pantchito

Ndinkaganiza kuti nyanja yaikulu imene ili pakati pa Malawi ndi kuno yandilekanitsa ndi Gedion. Ndinaiwala kuti ana amakula. Mwana wake wamkazi, Lonjezo, anabwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, n'kumapemphera kumpingo kwathu. Chaka chimene ndinkayembekezera kupuma, Lonjezo anaitanitsa bambo ake kuti adzacheze. Lamlungu lina ndikulowa m'tchalitchi, ndinaona jekete labuluu pampando wakutsogolo. Linali litasuluka, zigongono zitasokedwa, koma ndikanalizindikira ngakhale pakati pa msika. Popemphera anavula chipewa, ndipo aka kanali koyamba kuona mutu wake kuyambira unyamata. Tsitsi linali litatha lonse. Pamwamba penipeni pa dazi panali chipsera chachitali, choyererako, chokhala ndi timabala ta ulusi m'mbali mwake. Ndinachiyang'ana pemphero lonse, osatsinzina.

Titaweruka, pachakudya cha pamodzi, mkulu wa mpingo anamuimika. "Abale, lero tili ndi munthu amene ananyamula mbendera ya dziko lathu kunja, ambirife tisanabadwe." Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu. Adzukulu anga, ana ako iwe Tadala, anathamangira kukajambulitsa naye, akumufunsa mafunso m'Chizungu chawo chothamanga chija, iye akuyankha ngati nduna. Ana amenewa ndinkawatenga ine kudziwe Loweruka lililonse, koma sanandifunsepo funso ndi limodzi lomwe. Kenako iwe Mphatso unabwera ndi mbale yako n'kunena kuti, "Adadi, bwanji simunatiuze kuti munagwirapo ntchito ndi munthu wotchuka chonchi? Akuti anakuphunzitsaniko pang'ono eti?"

Sindikudziwa ngati Gedion ananenadi zimenezo kapena unangomva molakwa, koma magazi anandithamangira kumutu. Ndinaimirira, mayi anu akundikoka malaya. "Bambo a Mphatso, khalani pansi, muli m'nyumba ya Mulungu."

"AMbewe," ndinatero mokweza, "paja pali mpikisano wathu umene sunachitike. Dziwe lilipo, makiyi ndili nawo ine. Loweruka likubwerali, chagada, kuchoka khoma ili kukafika linalo."

Anthu anaseka n'kuomba m'manja, poganiza kuti ndi nthabwala za nkhalamba. Gedion sanaseke. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana Lonjezo, amene nkhope yake inkawala ndi kunyadira bambo ake. "Adadi angakusiyeni kutali, ankolo," anatero mwanayo. Gedion anati, "Chabwino, aNkhoma. Loweruka."

Donna anatipatsa mizere iwiri yakumapeto, nthawi ya masana anthu atachepa. Mpingo unabwera pafupifupi wonse, ena atanyamula mandasi ngati akupita kumpira. Timbendera ndinamanga ndekha m'mawa mwake, ndipo ndinakoka chingwe mwamphamvu kuposa masiku onse. Gedion anavula jekete n'kupatsa Lonjezo kuti agwirire. Tinatsikira m'madzi, nkhalamba ziwiri za mimba zogwa, n'kugwira khoma. Ndinamuona akucheukira khoma linalo mwamantha, ndipo ndinakondwera. Donna analiza wezulo.

Ana anga, munalipo, koma munkaonera kumtunda. Simukudziwa kuti munthu uja, amene sanali kuchita masewera alionse, anandikakamira. Ndinkamva madzi ake akuwaza nkhope yanga. Kuponya manja kwake kunali komwe kuja, kumene Kamvuluvulu anatiphunzitsa, ndipo miyendo yake inkapalasa mmene ndinamuonetsera ine. Pakati pa dziwe ndinayamba kumusiya pang'ono, mtima ukugunda ngati ufuna kutuluka, koma sanagonje. Kenako timbendera tinadutsa pamwamba panga, ndinatambasula dzanja, ndinagwira khoma. Nditatembenuka ndinaona Gedion ataima m'madzi pansi penipeni pa timbendera, atagwira mutu ndi manja onse awiri, maso ali tong'o. Sanafike kukhoma. Anagwira chingwe cha pamzere n'kudzikokera kumbali.

Ndinadikira kuti anthu aombe m'manja, ndipo anaombadi, koma akuyang'ana iye. Ndinamva mkulu wa mpingo akuuza anzake kuti, "Mwaona ulemu wake? Wawasiyira dala aNkhoma. Katswiri weniweni amatero." Azimayi a mumpingo anavomereza kuti eeh, munthu wodzichepetsa. Thaulo limene mayi anu ananyamulira ine anamufunditsa Gedion. Ndinatuluka m'madzi ndekha, ndikudontha, nditapambana mpikisano umene ndinaudikira moyo wanga wonse, ndipo palibe anandipatsa ngakhale mandasi.

M'chipinda chosinthira zovala tinatsala awiri. Anakhala pabenchi, thaulo la mkazi wanga lili m'khosi. Za aNkhoma ndi aMbewe zinathera panja.

"Waimiranji?" ndinamufunsa. "Ukufuna undilande ngakhale ichi?"

Anagwira chipsera chija. "Timbendera tija ndinationa, aise, kunja kuja. Ndinkati akongoletsa chifukwa cha alendo, ngati mmene amachitira kwathu kukabwera akuluakulu. Palibe anandiuza, ndipo ine ndikanafunsa bwanji, munthu woimira dziko? Mfuti italira ndinapalasa ndi mphamvu zanga zonse. Dziwe losatha, maso anga ali kudenga kufunafuna masamba. Ndinkati ndikaona masamba nditambasula dzanja." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndinadzidzimuka ndili kumtunda, madzi atafiira, azungu atandizungulira. Ngakhale theka la mpikisano sindinamalize. Amene anatitsogolera paulendowo anati chipewa chisachoke kumutu mpaka tsitsi litamera, ndipo pakamwa pasatuluke kanthu. Tsitsi linamera, koma chipewa ndinachizolowera. Kuyambira tsiku lija sindinagonenso chagada pamadzi, mpaka lero."

"Nanga lero walowerenji?"

"Mwana wanga anali pomwepo. Ndikanakana bwanji?"

Kenako ndinafunsa funso limene linandidya zaka zonsezi. "Tsiku lija kwa Kamvuluvulu, unamasulira zonse zimene ndinanena?"

"Zonse, Lameki. Ndinawonjezeranso zina zokupemphera. Koma atakana, sindinalire. Pamenepo sindikunamiza." Anapukuta nkhope. "Waliwiro unali iwe, ndani sadziwa?"

"Ndani sadziwa? Palibe akudziwa! Ana anga omwe sakudziwa!"

"Ndiye tuluka ukawauze. Ine sindikutsutsa." Anandiyang'ana m'maso. "Koma udziwe kuti malume ako anakupulumutsa. Iwenso ukanafunafuna masamba. Ndi liwiro lako lija, akanakubweretsa m'bokosi."

Ndinatuluka ndi mawu ali kale pamilomo. Pakhomo ndinakumana ndi Lonjezo atanyamula jekete lija pamkono, atalipinda bwinobwino kuti chizindikiro chikhale pamwamba, akulisisita ngati khanda. "Ankolo," anatero, "musakhumudwe. Adadi ndi choncho, sakonda kuchititsa anzawo manyazi." Ndinamuyang'ana mwanayo, amene amasambitsa nkhalamba za eni dziko tsiku ndi tsiku kutali ndi kwawo, chomunyaditsa chili pamkono pakepo. Mawu aja ndinawameza. Ndinangoti, "Bambo ako amasambira bwino, mwana wanga." Limenelo silinali bodza.

Gedion anabwerera ku Malawi, ndipo chaka chatha anamwalira. Mwambo wa maliro tinaonera pafoni ya mayi anu. Anamuika atavala jekete lake, ndipo wolankhula m'malo mwa banja anatchulanso za mbendera ya dziko. Masamba awa ndalembera inu awiri. Lonjezo asawaone, ndipo mukadzamuuza, ndidzakudzukirani.

Mwina mukuyembekezera kuti ndinene kuti nditamva za khoma lija nsanje inatha. Ndinayesa. Mayi anu akuti ndizithokoza Mulungu kuti mutu wanga ndi wathunthu, ndipo ndimathokoza, makamaka Lamlungu. Chisoni ndinamumvera Gedion, pang'ono ndithu. Koma iye anamva dzina lake likuitanidwa m'nyumba yodzaza anthu, dzina la dziko lathu likutsatira pambuyo. Anagwira khoma loyambira pamodzi ndi zimphona za dziko lonse, anamva mfuti ikulira, ndipo kwa kanthawi kochepa kaja, asanafike kukhoma linalo, anali pampikisano. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Blantyre, chagada, bulashi kumanja, ndere zikundigwera m'maso. Tsiku limene ndinapuma pantchito, nditamasula timbendera komaliza, ndinaima pagalasi m'chipinda chosinthira chija n'kusisita dazi langa. Ndi losalala kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, lopanda kabala ndi kamodzi komwe. Chipsera chija chinali changa, ndipo anapita nacho kumanda.